Funsani Azakhali: "Nyumba ndamanga, amayi atisiya, nde ine ndikudzukira chani ku Joni kuno?"

Moni nonse abale anga muli ku Joni kuno ndi inu mukuwerenga muli kumudzi. Juni wafika ndi ukali wake, mmawa uno madzi omwe ndinasiya mu beseni panja ndawapeza atagwira ayisi pamwamba, nde chonde inu amene mukuotha mbaula mchipinda muziitulutsa musanagone, utsi wa makala umapha munthu ali mtulo osadziwa kanthu. Mauthenga mwezi uno abwera ambiri, a mapepala, a mabanja, a ngongole, ndidzawayankha, koma ndayamba ndi uwu chifukwa nditauwerenga tulo sindinatione.

Funso

Azakhali, ndine bambo wa zaka 41, kwathu ndi ku Mulanje, kuno ndimakhala mu mkhukhu, kachisakasa ka malata, ku Diepsloot, ndimagwira ya mgadeni ku Fourways manyumba atatu Lolemba mpaka Loweruka. Ndinabwera 2013. Pochoka ndinawalonjeza amayi kuti ndikawamangira nyumba ya malata poti yathu inali yaudzu, mvula ikamagwa timakhalira kusuntha mphasa usiku onse. Zaka zonsezi ndakhala ndikudya nsima ya mapazi a nkhuku ndi kabichi, ndalama ikangogwa mmanja ndithamangira ku Mukuru, njerwa, simenti, malata, fizi ya ana awiri ndi ya mlongo wanga. Namondwe Freddy atabwera 2023 khoma lina linagwa tinayambiranso. Nyumba inatha mpaka penti, amayi anagonamo miyezi inayi yokha basi anatisiya. Sindinapite chifukwa masiku a mu pasipoti anatha kalekale nde ndimaopa kuti ndikatulukira pa Beitbridge andidinda zoti ndisadzabwerenso. Maliro ndinaonera pa vidiyo kolo nditabisala kuseri kwa garaja ya abwana, netiweki ikudukaduka, pofika nthawi yotsitsa bokosi data inatha. Kuchokera tsiku limenelo ndimadzukabe 4 koloko kukakwera tekisi koma sindikudziwa ndikudzukira chani. Mwana wanga wamkulu ali Fomu 3, akandiimbira ndi "adadi ndalama ya mayeso" basi, mkazi wanga nayenso timangokamba za ndalama. Masiku ena ndimaganiza bola nditangogona osadzukanso. Azakhali, munthu amabadwira zimenezi? Moyo tanthauzo lake ndi chani?

*Bambo wa ana awiri, Diepsloot*

Yankho

Achimwene, pepani. Pepani kwambiri ndi maliro a amayi, mzimu wawo uuse mumtendere.

Ndiyambe ndi mawu aja mwalemba kumapeto, a kugona osadzukanso, sindikufuna kuwalumpha. Mawu amenewo musakhale nawo nokha usiku wina ayi. Lero lomwe muuzeni munthu mmodzi amene mumamukhulupirira, kaya wa ku tchalitchi, kaya mnzanu wokwera naye tekisi, mumuuze mmene mwandiuzira ine osachepetsa. Kulinso bungwe la SADAG lothandiza anthu ovutika maganizo kuno, nambala yawo ya anthu amene maganizo otere awafika ndi 0800 567 567, ndi yaulere, ngati chizungu chikuvuta mnzanuyo akhale pambali akuthandizeni. Izi si zochititsa manyazi ndipo si kuchepa chikhulupiriro, ndi mtima umene wanyamula katundu yekha nthawi yaitali.

Tsono ine mmene ndikuonera, inuyo maliro a amayi simunalire. Kwathu munthu akamwalira sitimangomva uthenga basi, timagona pa siwa, azibambo panja pa moto azimayi mnyumba kuyimba mpaka mbandakucha, adzukulu amakumba manda, timaona nkhope, timathira dothi ndi dzanja lathu, anthu amabwera mmodzimmodzi kutigwira chanza nkumati pepani, kenako timasesa. Zonse zija si mwambo chabe, ndi zimene zimauza thupi la munthu kuti zachitikadi. Inu munapatsidwa ka sikirini kodukaduka kuseri kwa garaja, kenako munapukuta maso nkubwerera kukatchetcha kapinga. Nde mtima ukane bwanji kuzizira? Bambo anga anamwalira 2011 ine ndili mnyumba ya anthu ndikusita, sindinapite nanenso, ndinakhala pafupifupi chaka chakudya chosakoma mkamwa, mpaka amayi ena a kwathu ku Zomba anandigwira pa mkono nkuti iwe Lamulungu likudzali tikubwera kwanu kudzapepesa maliro. Ndinati maliro ake ati, papita miyezi. Anabwera anthu 9 mu ka chipinda kanga ka ku Turffontein, ena anakhala pa bedi ena pa ndowa, anavala zitenje, anayimba nyimbo zathu za pa maliro, wina anandifunsa kuti bambo ako anali munthu otani tiuze, ndinayamba kufotokoza mmene amasomera nsungwi poluka lichero ndipo ndinalira mpaka mawu anatha. Tinaphika nsima ndi nyemba tinadya. Usiku umenewo ndi umene ndinagona tulo tenitenti. Chitani zimenezi achimwene, itanani anthu a kwanu olo akhale asanu, Diepsloot yadzaza Amalawi, sangakane. Muwauze dzina la amayi, mudzi wawo, zimene amakonda.

Nyumba ija musaione ngati zapita pachabe. Miyezi inayi mayi wokalamba kugona mvula ikulira pa malata iye osasuntha mphasa, atakhala moyo wake onse akusuntha, ndi chinthu chachikulu. Muwaimbire alongo anu muwafunse kuti amayi amati chani atalowa mnyumbamo, amakhala pati masana, amawaonetsa ndani. Mayankho amenewo ndi anu, munawagwirira ntchito zaka zoposa 10, pitani mukawatenge.

Koma pali china chimene ndikufuna tikambe mosabisa. Agogo anga aamuna anali a Wenela. Achinyamata ambiri amangodziwa Wenela ngati depoti ya mabasi ku Blantyre, osadziwa kuti dzinalo linachokera ku bungwe lolemba anthu ntchito za mmigodi ya golide ya kuno, Witwatersrand Native Labour Association, lomwe pambuyo pake linadzakhala TEBA. Chakumayambiriro kwa zaka za mma 1970 Amalawi opitirira 100,000 anali pansi pa nthaka ya kuno, milu ya mchenga wachikasu ija mumaiona mukamadutsa cha ku Soweto ndi manja awo. Amakwera ndege kukatsika ku Francistown ku Botswana kenako sitima. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown komweko nkupha Amalawi oposa 70 amene amabwerera kwawo, a Kamuzu nkuletsa kulemba anthu, zinadzayambiranso 1977 koma mochepa. Moyo unali owawa, agogo anabwera ndi chifuwa chomwe sichinathe mpaka imfa yawo. Koma chinthu chimodzi anali nacho chimene ife tilibe: kontirakiti yawo inali ndi tsiku lotha. Amadziwa kuti ikakwana miyezi yakuti ndikukwera, ndipo gawo lina la malipiro amakalandirira kumudzi. Amene sanabwerere ndi aja timawatcha matchona, ndipo linali dzina lomvetsa chisoni. Ife lero tinabwera tokha pa basi, kudutsa Mwanza, mlatho wa Tete, Nyamapanda, Beitbridge mpaka Park Station masiku awiri pa msewu, tili ndi masiku 30 mu pasipoti ndi mawu oti "ndikangomanga ndibwera". Nyumba ikatha pamabwera fensi, fensi ikatha fizi, fizi ikatha matenda a wina, tsiku lobwerera palibe analilemba. Timatchona foni ili mmanja tikulankhula ndi kumudzi tsiku lililonse, nde sitizindikira kuti tatchona.

Ndipo mzaka zonsezo timadziuza kuti uno si moyo, moyo ukayamba ndikabwerera. Kuno ndikungodikira. Munthu osagula mpando poti ndikupita, osapalana ubwenzi ndi oyandikana nawo poti ndikupita, osapita kukaona mpira olo ku Zoo Lake Lamulungu poti 30 randi imeneyo ndi theka la thumba la chakuti. Inu achimwene mwadikira kuyambira muli ndi zaka za mma 20 mpaka imvi zayamba. Amayi ndi nyumba yawo ndi amene amakupatsani chifukwa chodikirira, atachoka mwatembenuka nkupeza kuti mu mkhukhumo mulibe chilichonse chanu. Funso lanu likuchokera pamenepo, ndipo ndi funso labwino, musaliope.

Za tanthauzo la moyo abusa ali ndi yankho lawo, mashehe ali ndi lawo, ine ndine opemphera ndipo ndimakhulupirira kuti Mulungu sanalenge munthu kuti akhale makina otumiza ndalama. Koma ndikuuzani zimene ndinaona ndi maso. Pa 31 Ogasiti 2023 nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, mkati mwa tauni ya Joni, inapsa usiku, anthu 76 anafa, pakati pawo panali Amalawi anzathu. Masiku otsatira ife azimayi a gulu lathu timaphika nkumapititsa chakudya kwa opulumuka, ena timaperekeza abale ku mochale ya ku Diepkloof kukawamasulira chizungu. Kumeneko ndinaona bambo wina, wa mgadeni ngati inu nomwe, jekete yong'ambika pa chigongono, ali ndi kope la ana asukulu ndi bolopeni. Palibe anamutuma. Amayenda kwa munthu aliyense kufunsa, amene mukumufunayo dzina lake ndani, mudzi, mfumu yaikulu, boma, nambala ya kumudzi, nkumalemba bwinobwino mzere ndi mzere, tsamba lina amalemba zopereka, uyu 20 randi uyu 50 randi. Madzulo amakhala pa njerwa nkumaimbira makolo ku Mangochi, ku Machinga ndi eyataimu yake, kuyamba ndi moni wa ulemu, kufunsa ngati pali munthu wamkulu pafupi asanatule uthenga. Anataya masiku a ntchito angapo, kaya abwana ake anamudula zingati. Koma nkhope ya bambo uja sinali ya munthu ofunsa kuti ndikudzukira chani. Agogo anganso pa maliro awo anthu sanatchule njinga ya Humber yomwe anabwera nayo, inali itadyeka dzimbiri kalekale, thiranki yawo timasungiramo mbewu ya chimanga. Anaimirira mkulu wina wochokera ku Thyolo amene ife sitimamudziwa, anati bambo ake anafera mu mgodi iye ali wakhanda, ndipo agogo ndi amene ananyamula bulangete, wotchi ndi tindalama ta malemuwo kuchokera kuno nkukazipereka mmanja mwa amayi ake, kusakasaka mudzi masiku atatu. Anabwera kudzathira dothi chifukwa cha zimenezo. Akuluakulu anati kali kokha nkanyama, tili awiri ntianthu, ine mwambi umenewu ndinaumvetsa ndili kuno osati kumudzi.

Nde mwana wanu uja. Mukuti amangoimba za ndalama, zoona zimapweteka, koma tafufuzani mu foni yanu muone kuti inuyo mumamuimbira liti, mwina ndi tsiku lotumiza basi, "ndatumiza kaonetse amayi ako". Mwana anaphunzira kuti adadi ndi nkhani ya ndalama chifukwa ndi nkhani yokhayo imene tinamuphunzitsa, tonse tili ndi mlandu umenewu. Muimbireni pakati pa mwezi mulibe kanthu mthumba. Mufunseni ngati ali wa Bullets kapena Wanderers, phunziro limene likumuvuta, mnzake wa pamtima ndani, agogo ake anamuuza chani masiku omaliza. Koyamba adzayankha "eya, ayi, bho" akudikira kuti mufike pa nkhani yeniyeni, musafooke, imbaninso sabata inayo. Muuzeni za inu, mmene mumadulira maluwa a rozi mu Julayi, mmene mitengo ya jakaranda imasandutsira misewu yonse pepo mu Okutobala, mmene munalirira kuseri kwa garaja. Mnyamata wa Fomu 3 si khanda, akhoza kunyamula zimenezo. Akazi anunso chimodzimodzi, iwo ndi amene anasamala amayi anu mpaka kuwatseka maso, munawathokoza?

Zobwerera kumudzi sindikukuuzani kuti nyamukani mawa, ndingakhale wabodza. Kwacha anaigwetsa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zinthu kumudzi zakwera moti randi yanu ndi imene ikugwira banja, ndipo mantha anu a pa boda ndi oona, munthu amene wapyola masiku opitirira 30 amatha kuletsedwa kulowanso mpaka zaka 5. Chimene ndikupempha ndi choti muchite zimene agogo anachitiridwa ndi kontirakiti: lembani tsiku. Khalani pansi ndi akazi anu pa foni, muwerengere limodzi kuti mwana amaliza Fomu 4 liti, mpamba woyambira ka bizinesi kapena ulimi ndi zingati, nkugwirizana mwezi ndi chaka, muuzenso mwanayo. Ngati pasipoti inatha mphamvu pitani ku ofesi ya kazembe wathu, ilipo kuno ku Johannesburg ina ku Pretoria, mukafunse za chikalata choyendera nthawi ikadalipo. Ndipo pa ndalama ya mwezi uno chotsanipo pang'ono mugule mpando umodzi wa pulasitiki, alendo odzapepesa maliro aja asadzakhale onse pa ndowa. Mundilembere mukachita mwambowo, ngati ndi Lamulungu masana ine ndi azimayi anzanga awiri tibwera ndi ufa.

Funso

Azakhali ine ndi mtsikana wa zaka 24 wa ku Kasungu, MSCE ndinakhoza bwino koma fizi ya koleji inasowa. Pano ndikusamala gogo wina wachizungu ku Edenvale, ndimagona konko, kumusambitsa, kumusintha matewera, kumudyetsa, usiku akaitana ndidzuke, ofu kulibe olo tsiku limodzi poti ana ake ali kunja. Ndikatsegula Facebook anzanga amene ndimawaposa mkalasi avala magauni a digiri. Ndimadzifunsa kuti kodi ine Mulungu anandilengera matewera a munthu?

*Mtsikana wotopa, Edenvale*

Yankho

Mwana wanga, ntchito imene ukugwirayo ine ndinaigwirapo zaka zitatu ndipo sindilola munthu kuinyoza. Kugwira thupi la munthu amene sangathenso kudzithandiza, kumutembenuza kuti asatuluke zilonda, kudziwa kuti lero wakana phala chifukwa chakuti, imeneyo ndi nzeru ndipo si aliyense ali nayo. Ana ake omwe anabereka akugona tulo kunjako chifukwa cha iwe. Koma sindikunamiza kuti basi ukhutire, uli ndi zaka 24 ndipo mutu wako umagwira.

Vuto lako loyamba si digiri, ndi tulo ndi Lamulungu. Munthu osapuma sangaganize za moyo wake, chilichonse chimaoneka chakuda. Lamulo la ntchito la dziko lino limati wantchito apume maola 36 otsatizana pa sabata, ndipo kuyambira 2022 malipiro otsikitsitsa a wantchito wa mnyumba ndi ofanana ndi a wantchito wina aliyense, amawerengera pa ola. Ku CCMA, bungwe loweruza nkhani za pakati pa antchito ndi mabwana awo, amamva madandaulo a wantchito olo akhale obwera, makhothi a kuno ananena kale kuti kusowa mapepala sikuchotsa ufulu wa munthu pa ntchito imene wagwira. Sindikuti uyambe ndi milandu ayi, yamba ndi kulemba mu kope maola amene ukugwira sabata ziwiri, usiku omwe, kenako uwalembere ana akewo mwaulemu kuti gogo ndimamukonda koma pakufunika munthu wina wa wikendi. Iwowo akudziwa kuti kupeza wina okhulupirika ngati iwe si masewera.

Ukapeza tsikulo usaligonere lonse. Zimene ukuchita kale ndi theka la ntchito ya unamwino, funsa za makosi a chisamaliro cha odwala ndi okalamba, koma usanapereke ndalama uonetsetse kuti sukuluyo ndi yovomerezeka ndi boma chifukwa mtauni muno muli tisukulu ta pa chipinda chapamwamba tongodya ndalama za ana a anthu. Uziika padera kenakake mwezi ndi mwezi ka iwe mwini, kumudzi ukawauze poyera kuti iyi ndi ya sukulu yanga siikhudzidwa, poti atsikana athu ambiri amaphunzitsa alongo awo onse iwo nkutsala. Za Facebook zo, gauni amajambulitsa tsiku limodzi, zimene zikutsatira sakuonetsa, ambiri a iwo akundilembera kufunsa mtengo wa basi yobwera kuno. Uwafunire zabwino, foni uyiike pansi ikakwana 9 koloko ugone gogo asanaitane.

Funso

Azakhali, mneneri wina ku tchalitchi chomwe ndayamba kupita mtauni akuti nyenyezi yanga inamangidwa ndi achibale, nde ndipereke mbewu ya 1,500 randi kuti andimasule ndi kundiululira cholinga chimene Mulungu anandilengera. Ndimagwira mu shopu ku Mayfair, ndalama imeneyo ndi renti yanga. Ndipereke?

*Mnyamata wa ku Mayfair*

Yankho

Ayi mphwanga, lipira renti. Munthu amene wakudziwa masabata atatu sangakuuze chimene unabadwira, ndipo amene akuyamba ndi kukudanitsa ndi abale ako uchenjere naye, mawa ukadwala kuno amene adzasonkhe ya thiransipoti ndi abale omwewo. Kupemphera pemphera, kupereka pereka chimene mtima wako wakonda ndiponso chimene ungathe, koma pemphero la mtengo wake ngati thumba la mpunga mu shopu yanuyo ine sindinalionepo likuthandiza munthu. Ngati ukufunadi kudziwa chimene umatha, imbira amalume ako kapena aphunzitsi ako akale a ku pulayimale uwafunse kuti ndili mwana mumandiona ndikukonda chani, akuuza ulere, mwinanso akukumbutsa zinthu zoti unaiwala kalekale. Ukamaliza undilembere zimene anena, ndikufuna ndimve.